Nambala ya m'kolala

Ana anga, mutu uno ndaulemba chifukwa cha mlongo wanu Esinati. Mwezi wathawu anabwera kuno ku Matero ndi kope lalikulu, nati akulemba buku la nthano ya nkhondo, ndipo popeza atate ake anakalambira kukampu ya asilikali, ndimuuze mmene mfuti imalirira ndiponso mmene munthu amamvera akamaloza nayo mnzake. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ine mfuti ndinaigwirapo kamodzi kokha, tsiku limene msilikali wina anandisungitsa kuti avule malaya ndimuyeze, ndipo ndinainyamula ngati mbaula ya moto. Ndinali telala. Nkhondo yanga inali ya singano ndi ulusi. Esinati anatseka kope lake mokhumudwa, ine osamuuza kuti ulusi womwewo unatsala pang'ono kuika munthu m'manda pa dzina la mwini wake wamoyo. Pakamwa zinandikanika, choncho ndazilemba.

Chaka chimene ndinakwatira amayi anu

Ntchito yanga yoyamba inali kumafakitale, kumene tinkasoka maovolosi kuyambira m'mawa mpaka maso kuchita chidima. Makina ndinawaphunzira pakhonde la agogo anu, amene anachokera ku Malawi wapansi kukafuna ntchito kumigodi, koma ulendo wawo unathera pa Matero pompano. Nditamva kuti kukampu akufuna matelala osakhala asilikali, ndinapita ndi sizasi yanga m'thumba. Amene anandiyesa anali Sajeni Meja Sakala, woyang'anira nyumba ya katundu, munthu wakum'mawa, wamfupi, wa mawu omveka kuseri kwa mpanda. Anandiponyera thalauzi long'ambika pakati, nayang'ana wotchi. Nditamaliza anakoka msokowo ndi manja onse awiri, nkhope yake ikuonetsa kuti akufuna ung'ambike. Utakana, anangoti ndibwere Lolemba nditameta. Zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito sanandiitanepo dzina langa. Ndinali "iwe siviliyani" basi, ndipo akasangalala ndinali "siviliyani wanga".

Ntchito inali kubweza yunifolomu zazikulu kuti ziwakwane ovala, kusokerera nyota pa mapewa ndi mikono ya okwezedwa udindo, ndi kuika nambala. Msilikali aliyense ali ndi nambala yake, ndipo chovala chake chilichonse chimayenera kukhala nayo. M'makampu ena ankalemba ndi inki, koma a Sakala ankati inki imatha ndi kuchapa, choncho analamula kuti kwathu nambala izisokedwa pamanja, ndi ulusi wofiira, m'kati mwa kolala. Lamulo lawo linali lakuti malaya opanda nambala satuluka pakhomo. Ndinazolowera mwakuti ndinkasoka nambala uku ndikucheza, osayang'ana n'komwe. Anyamata ambiri ndinkawadziwa ndi nambala ndi muyezo wa pachifuwa, dzina lizibwera pambuyo.

Zaka zosowa zinthu

Inu munabadwira m'mizere ya sopo ndi mchere, koma simukuikumbukira. Akuluakulu a dziko anagamula kuti tisunge abale athu omenyera ufulu wa maiko oyandikana nafe, ndipo azungu a kutsidya la Zambezi anatibwezera potseka njira za katundu ndi potumiza ndege. Sindikutsutsa zimene anagamulazo, poti nyumba ya mnzako ikamapsa sufunsa mtengo wa madzi. Ndikungoti mfundo zimene zimakambidwa m'maofesi ozizira, zikamafika kwa telala zimafika ngati kusowa kwa mabatani. Asilikali atsopano anachuluka, nsalu osachuluka. Tizitsulo tovala m'khosi tija, tokhala ndi nambala ya munthu, sitinkakwanira onse, ndipo olowa kumene ankapita kumalire opanda. Malaya a munthu wonenepa, wopuma ntchito kapena womwalira ankabwerera kwa ife, timasule nambala yakale, tiike yatsopano, avale wina. Ngakhale zovala zong'ambika zinkabwera m'masaka kuti tichotsemo mabatani tisanazitenthe. Ulusi wobiriwira utatha ndinkaba wakuda wa amayi anu, iwo namandiitana wakuba wa boma wobera mkazi wake.

Mwezi wa Okutobala, chaka chimene anabadwa Esinati

Tsiku lina kunabwera lamulo loti gulu limodzi linyamuke masana omwewo kupita kuchigwa, kumalire. M'gulumo munali Kopolo Zulu wa kukomboni ya Kanyama, munthu wamtali woti polowa m'chipinda chathu ankawerama. Sabata yapitayo anali atabweza malaya ake akale, poti anamuthina m'mapewa, ndipo anali pamulu wa zoyembekeza kumasulidwa. Munalinso mnyamata wolowa kumene, Mwila Chanda wa kukomboni ya George, Mbemba wamfupi, wanthabwala, amene malaya ake okha anali atang'ambika pa waya. A Sakala anatola malaya a Zulu pamulu paja, nandiponyera kuti ndimubwezere Chanda lole isananyamuke. Ndinadula mikono, ndinapinda mapewa ndi ulusi wakuda wa amayi anu, ndinafupikitsa m'munsi. Nditafika pa kolala ndinapeza kuti ulusi wofiira watha pa chitsulo chake. Kunja lole inali italiza kale injini, ndipo a Sakala ankakuwa. Ndinaganiza msanga: ndikamasula nambala yakale, malaya akhala opanda nambala ndipo satuluka. Ndikaisiya, woyendera angoona zofiira m'kolala n'kudutsa. Ndinauza Chanda kuti akabwerako abwere nawo ndidzakonze.

"Ba Telala, osavutika," anatero akumanga mabatani. "Chipolopolo sichibelenga nambala."

Tonse tinaseka, iye nathamangira lole. Akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma ine tsikulo ndinadziona wochenjera.

Patapita sabata zitatu, ndege zinaponya mabomba pamsasa wawo m'mamawa. Nkhani inafika kukampu pang'onopang'ono, poti wailesi yawo inapsera limodzi ndi mahema. Ena anamwalira, ena anabalalikira m'tchire ndipo sankadziwika kumene ali. Pa omwalira panatchulidwa Kopolo Zulu. Akuti nkhope sinkazindikirika, koma kuchipatala anapeza nambala yake m'kolala. Chanda anali pa mndandanda wa osowa. Ndinamva chisoni ngati wina aliyense, koma za malaya aja sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono, chifukwa m'sabata zimenezo ndinali nditabweza malaya osawerengeka.

Lachisanu mpaka Lamulungu

Lachisanu masana anabweretsa thumba la zovala zochokera kuchipatala kuti ndichotse mabatani. Ntchito imeneyi sindinkaikonda, ndipo ndinkaigwira nditatsegula zenera. Pafupi ndi pansi pa thumba ndinapeza chidutswa cha malaya, kolala ndi phewa limodzi, atamangirirapo kapepala ka dzina la Zulu. Ndinatembenuza kolala, nambala inalidi yake. Kenaka chala changa chinagwira paphewa, pamene panali popinda, ndipo ulusi wake unali wakuda. Telala amadziwa msoko wake monga mayi amadziwa kulira kwa mwana wake. Malaya amenewo sakanalowa Zulu ngakhale mkono umodzi. Ndinakhala pampando, dzuwa la Okutobala lili ng'a pamalata. Munthu amene anali m'nyumba yachisoni, woti aikidwe Lachiwiri, anali Mwila Chanda. Ndinachipinda chidutswacho n'kuchiika m'thumba la jekete, ndipo sindinauze munthu.

Ndisakunamizeni kuti ndinali wolimba mtima. Ndinachita mantha. Masiku amenewo munthu wosokoneza zinthu za asilikali ankaganiziridwa msanga kuti watumidwa ndi adani, ndipo ife a makolo ochokera kunja tinkayang'anidwa kawiri. Ndinali ndi ana anayi, Esinati ali wa miyezi iwiri. Ndinadziuza kuti wakufa wafa, dothi silisankha dzina. Ndinadziuzanso kuti mwina Zulu nayenso anafera m'tchire, ndiye maliro ake si bodza kwenikweni. Loweruka lonse ndinakhala ndikukonza mpando umene sunali wothyoka. Amayi anu anandiyang'ana mpaka madzulo, kenaka anandifunsa ngati ndachimwitsa mwana wa munthu. Nditawaonetsa chidutswa chija n'kufotokoza, anapitiriza kuyamwitsa mwana. Sanandiuze chochita. Anangofunsa kuti mwana wa eni akaikidwa pakati pa mizimu yosamudziwa, usiku azikagogoda pakhomo la yani. Anawonjeza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo analowa m'nyumba.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita ku Kanyama, ndikudzinamiza kuti ndikupita kukapepesa maliro ngati mnzawo wa kuntchito. Nyumba sinavute kupeza, chifukwa pabwalo panali hema wa asilikali amene tinkabwereketsa pa maliro, ndipo ndinazindikira zigamba zanga padenga pake. Amuna anali pansi pa hemayo, amayi ali m'nyumba akuimba. Abale anali atafika kuchokera kumudzi, ena atagulitsa mbuzi kuti apeze yokwerera. Mkazi wa Zulu anatuluka atagwiriziridwa ndi anzake awiri, ali ndi pakati pooneka, maso atatupa. Mkulu wina amene ndinakhala naye pafupi anandinong'oneza kuti akuchimuna ayamba kale kukambirana za katundu wa m'nyumba ndi za amene adzatenge ana. Pamenepo ndinaona kuti bodza langa silinagone m'bokosi phee monga ndinkaganizira. Linali likuyenda, likugawa mipando ya munthu, likusandutsa mkazi wa mwini kukhala wamasiye. Ndipo ku George kunali mayi amene ankayang'anabe kumsewu. Ndinatsanzika ndisanamwe ndi madzi omwe.

Lolemba

Ndinafika kukampu mbendera isanakwezedwe, ndipo ndinaika chidutswa chija patebulo la a Sakala. Ndinafotokoza zonse, osabisa kuti ndinasiya nambalayo dala. Ndinkayembekeza kukuwa kuja, koma munthuyo anayankhula motsitsa, zimene zinandiopsa koposa. Anafunsa ngati pali wina amene akudziwa. Ndinati mkazi wanga yekha. Anayang'ana chitofu cha malasha chimene chinali pakona, nayang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti m'mutu mwawo mukuyenda zotentha chidutswacho, poti amene anandiponyera malayawo n'kumakuwa anali iwo. Kenaka anavala chipewa.

"Iwe siviliyani, wanipaya," anatero, kutanthauza kuti ndawapha. "Tenga tepu yako, tiye kuli ba kaputeni."

Kaputeniyo anali mwana poyerekeza ndi ife, wophunzira, wosakonda mawu ambiri. Sanakhulupirire ulusi wakuda. Anatikweza galimoto mpaka kunyumba yachisoni, nalamula kuti bokosi litsegulidwe, ine ndiyeze ndi tepu yanga. Za zimene ndinaona m'menemo sindilemba, ndipo Esinati usadzandifunse. Ndinayeza kuchokera paphewa kufika pachidendene monga ndinkachitira ndi amoyo, ndipo ndinatchula muyezo. A Sakala anatsegula buku la miyezo ya yunifolomu limene anabwera nalo. Kwa Zulu kunaperewera pafupifupi chikhatho ndi theka. Kwa Chanda kunakwana ndendende. Kaputeni anati popeza ndine ndinasoka mlanduwu, ndipita nawo kukaumasula m'nyumba zonse ziwiri.

Tinayambira ku Kanyama. Ndinkaganiza kuti kumeneko kukhala chimwemwe, koma ndinalakwitsa. Kaputeni atanena kuti mtembo si wa mwana wawo, nyimbo zinaleka. Amalume ake a Zulu anaimirira n'kufunsa ngati boma limasewera ndi misozi ya anthu, ndipo atamva kuti wolakwa ndi telala, anafuna kundigwira pakhosi. A Sakala anaima pakati. Mkazi uja sanakuwe. Anafunsa funso limodzi lokha: "Manje bamuna banga bali kuti?" Tinamuchotsera maliro n'kumusiyira kudikira, ndipo sindikudziwa chopepuka n'chiti. Asilikali anagwetsa hema uja anthu akuonerera, namupinda, namukweza mu lole pamodzi ndi nkhuni zotsala.

Lole yomweyo inatitengera ku George. Amayi ake a Chanda anali amasiye, ogulitsa nsomba zouma pamsika, ndipo tinawapeza pakhomo akusankha kapenta m'lichero. Ataona lole ya asilikali ikuima, hema ali pamwamba, anaika lichero pansi mosamala kuti kapenta asatayike. Kaputeni asanatsegule pakamwa iwo anali atadziwa. Analira, anansi anathamangira, ndipo ife tinaima pambali pamene anyamata ankakhoma zikhomo za hema. Patapita nthawi anatiitanitsa m'nyumba. Anafunsa chifukwa chimene mwana wawo wagonera masiku onsewo m'nyumba yozizira popanda womulira. Kaputeni anayang'ana ine. Ndinagwada pa simenti pamaso pawo n'kunena zonse, za ulusi wofiira, za lole, ngakhale nthabwala imene mwana wawo ananena potuluka. Atamva nthabwalayo anagwedeza mutu, nati ameneyo ndi Mwila ndithu, pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale m'tchalitchi. Kenaka anapempha kuona chidutswacho. Anachitembenuza, nasisita zofiira zija ndi chala.

"Iyi ni ya mwana wa bene," anatero. "Chosani."

Singano sinkachoka pa kolala ya jekete yanga. Ndinamasula nambala ya Zulu pomwepo nditagwada, ulusi umodziumodzi, nyumba yonse ikundiyang'ana. Nditamaliza ndinati ndilibe ulusi wofiira. Mayiwo anagwira m'mphepete mwa chitenje chimene anavala, nasolola ulusi wautali, nandipatsa. Ndinaulowetsa pa singano, ndipo mwachizolowezi ndinatembenukira kwa a Sakala kuti andiwerengere nambala ya Chanda m'buku. Anali atatchula manambala awiri pamene mayiwo anakweza dzanja.

"Awe, ba Telala. Nambala ni ya boma. Ine ninabala Mwila. Tungani zina."

Ndinasoka zilembo zisanu. Pa ntchito yanga yonse palibe msoko umene ndinauchita pang'onopang'ono ngati umenewo. Mayiwo analandira chidutswacho ndi manja awiri, ndipo Lachitatu chinalowa m'bokosi pachifuwa pa mwana wawo. Sanandiuze kuti andikhululukira, ndipo ine sindinapemphe.

Zaka za pambuyo pake

Zulu anapezeka patatha sabata ziwiri kwa asodzi ena a kuchigwa, mwendo utatupa ngati mtondo, ndipo anakhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulu. Akandiona ankati ndine munthu amene ndinamupha n'kumudzutsanso, ndipo ankafuna kuti ndimubwezere mathalauzi ulere chifukwa cha zimenezo. Ine sanandichotse ntchito, chifukwa a Sakala analemba m'lipoti kuti lamulo lothamangitsa linali lawo, zimene zinawachedwetsa kukwezedwa mpaka anapuma ali pa udindo womwewo. Koma ndinatumizidwa kukampu ya kumpoto kukasoka mahema zaka zitatu, inu mutatsala kuno. N'chifukwa chake Esinati atandiona koyamba akuyenda, anathawira kuseri kwa amayi ake. Nditabwerera ndinayamba kusoka dzina pansi pa nambala iliyonse, ndi ulusi wogula ndekha. Palibe bwana amene analamula, ndipo palibe amene analetsa.

Esinati, unandiwerengera tsamba lina la buku lako, pamene msilikali akufa m'manja mwa mnzake atanena mawu okoma okauza amayi ake. Unalemba bwino, ndipo mwina ena amafa chomwecho. Amene ndinamudziwa ine sanasiye mawu, kupatula nthabwala ya pakhomo la telala. Ndinaonanso kuti anzake a kumbuyo kwake, amene bomba likuwaphera limodzi, wangoti "asilikali ena asanu". Sindine wolemba mabuku, ndipo sindikuphunzitsa ntchito yako. Koma ukadzabwera Loweruka, bwera ndi kope lija, tikhale pakhonde tiwapatse maina asanuwo. Woyamba ndili naye kale.